IFN-gamma wa m'kabotolo: wa bakiteriya, wa maselo a nyama, kapena wodzipangira?

Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi ku Rosettenville, mtsikana wina wa kwathu ku Zomba anandiitanira pambali anthu ali pa mzere wa tiyi. Wabwera kuno ku Joni chaka chino kudzachita digiri yachiwiri ya za chitetezo cha m'thupi, ndipo wina anamutsina khutu kuti ine ndakhalitsa mu labu. Anatulutsa foni n'kundionetsa makoteshoni atatu a chinthu chimodzi: IFN-gamma wa munthu, kapuloteni ka chitetezo cha m'thupi. Woyamba wopangidwa mu bakiteriya wa E. coli, wachiwiri mu maselo a munthu otchedwa HEK293, wachitatu wa E. coli yemweyo koma wolembedwa kuti GMP, kutanthauza wopangidwa motsata malamulo a fakitale ya mankhwala, mtengo wake woboola m'thumba.

"Achimwene, ndigule uti? Asupavaiza angoti ndisankhe ndekha, ndipo ndalama ya pulojekiti ndi yochepa."

Ndinati, "Achemwali, muyambe mwandiuza maselo amene mukawathire zimenezi, ndi chimene mukayeze pambuyo pake."

Anati akutenga maselo a chitetezo otchedwa ma monocyte m'magazi a anthu odwala TB, awakulitse mpaka asanduke ma macrophage, maselo omeza tizilombo, awathire IFN-gamma, kenako ayeze IL-6 ndi TNF amene maselowo atulutse. Tiyi anatha tisanamalize kukambirana. Ndiye ndati ndilembe pano, chifukwa funsoli limabwera chaka chilichonse kwa ana a kwathu amene amadzaphunzira ku yunivesite ya Wits ku Parktown kapena kudzagwira ntchito ku NICD, bungwe lofufuza matenda opatsirana, ku Sandringham, komanso kwa anzathu a ku yunivesite ya KUHeS ndi ku malo a kafukufuku a MLW ku Blantyre amene amaodanso m'makatalogu omwewo.

Kwa amene si a m'labu, ma cytokine, monga IFN-gamma, IL-6 ndi TNF, ndi timapuloteni timene maselo a chitetezo amatumizirana ngati uthenga. Mukamanjenjemera ndi malungo, thupi lili moto, ndi TNF, IL-1 ndi IL-6 amene auza ubongo kuti ukweze kutentha. IL-6 yemweyo ndiye amauza chiwindi kupanga CRP, uja amayeza kuchipatala akafuna kudziwa ngati m'thupi muli kutupa. IFN-gamma amadzutsa ma macrophage kuti alimbane ndi kachilombo ka TB kamene kabisala mkati mwawo. TNF amagwirizira malinga amene thupi limamanga pozungulira kachilomboko, n'chifukwa chake odwala nyamakazi akapatsidwa mankhwala otsekereza TNF, TB yogona imatha kudzuka.

M'magazi timapuloteniti timapezeka tochepetsetsa, timayezedwa mu ma pikogalamu pa mililita, moti kutisefa m'thupi kuti tikwane kafukufuku n'kungodzitopetsa. TNF anatchulidwa dzina mu 1975 ku New York, koma ofufuza ambiri anamugwira m'manja jini lake litapezeka mu 1984. La IL-6 analipeza ku Osaka mu 1986, mu labu ya Tadamitsu Kishimoto. Chiyambire pamenepo njira ndi imodzi: kutenga jini la munthu, kuliika m'selo lina, selolo lipange puloteniyo yambiri.  Kusiyana konse kwa makoteshoni aja kwagona pa funso loti selo linalo ndi lachiyani.

Wa E. coli

Bakiteriya ameneyu ndi wakale pa ntchitoyi. Insulin yoyamba yopangidwa ndi jini la munthu, imene inaloledwa mu 1982, inachokera mwa iye. Amakula usiku umodzi, amadya zotchipa, amapanga puloteni yambiri, ndiye mtengo umatsika. Zimene sangathe ndi ziwiri. Samata timashuga pa puloteni monga amachitira maselo athu, ndipo mapuloteni ovuta kupindika amawaunjika m'mibulu yopanda ntchito, imene kampani imayenera kuisungunula ndi urea kapena guanidine n'kuipindanso bwino.

Koma taonani amene timawagwiritsa ntchito kwambiri pa nkhani ya kutupa. IL-1 beta wokhwima ndi kapuloteni ka ma amino acid 153, kolemera 17 kDa (muyezo wa kulemera kwa mapuloteni), kopanda shuga ngakhale m'thupi momwe. TNF wosungunuka ali ndi 157, amadzimanga yekha atatuatatu, ndipo wa E. coli amagwira ntchito bwinobwino. IL-6 ndi IFN-gamma m'thupi amakhala ndi timashuga, komabe opanda shuga amalumikizana ndi ma receptor awo, malo olandirira uthenga pa selo, n'kudzutsa selolo. Ngakhale IFN-gamma amene madokotala amabaya odwala, interferon gamma-1b, ndi wa E. coli. Choncho pa anayi amenewa, munthu wothira maselo m'mbale kwa maola 24 kapena 48 sapindula kwenikweni polipira owonjezera chifukwa cha shuga.

Vuto la wa E. coli lili kwina, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera m'mbuna.

Chikopa chakunja cha bakiteriyayu chili ndi LPS, amene pa pepala la kampani amalembedwa kuti endotoxin. LPS ndiye chinthu chimene ma monocyte ndi ma macrophage anabadwira kuti azichinunkhiza kudzera pa receptor yotchedwa TLR4, ndipo akachimva amatulutsa TNF, IL-6 ndi IL-1 osaumira. Ndiye taganizani: mukuthira cytokine kuti muone ngati ayambitse kutupa, koma m'kabotolo momwemo mwatsalira chinthu chimene ndi mfumu ya zoyambitsa kutupa. Zotsatira zikatuluka zokongola, mwayeza chiyani?

Tiwerenge pang'ono. Makampani ambiri amalemba kuti endotoxin ndi wosapitirira 1 EU (muyezo wa endotoxin) pa maikulogalamu (µg) imodzi ya puloteni. EU imodzi ndi pafupifupi 0.1 ng ya LPS. Mukathira cytokine pa 100 ng/mL, mutha kukhala mwathiranso LPS wofika 10 pg/mL, ndipo ma monocyte a munthu amamumva pa mlingo umenewo. Mukathira pa 10 ng/mL watsika kufika 1 pg/mL, mwina mwapulumuka. Kwa mtsikana wa ku Zomba uja nkhani yake ndi yoopsa kuposa apa, chifukwa ntchito imodzi ya IFN-gamma ndi kuthwetsa makutu a macrophage kuti azimva LPS ngakhale wochepetsetsa. Awiriwa akakumana amakwezana. Kadontho ka LPS kamene sikakanaoneka kokha kamaoneka ngati chozizwitsa cha IFN-gamma.

Izi zinachitikirapo akatswiri enieni. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 panatuluka malipoti angapo onena kuti mapuloteni a heat shock, monga HSP60 ndi HSP70, amadzutsa ma macrophage kudzera pa TLR4. Ena atawayeretsa bwinobwino n'kubwereza, mphamvu yambiri ija inazimiririka. Inali ya LPS.

Ndiye wa E. coli ndi wabwino, pokhapokha muwerenge mzere wa endotoxin musanayang'ane mtengo. Pa maselo onga a khungu kapena ma fibroblast ambiri, wa 1 EU pa µg amakwana. Pa ma monocyte, ma macrophage, ma dendritic cell kapena magazi athunthu, funani wa 0.1 EU pa µg kapena wotsika kuposa apo, alipo olembedwa 0.01. Pemphani satifiketi ya loti imene akutumizireniyo (loti ndi gulu la timabotolo topangidwa nthawi imodzi), chifukwa nambala ya pa katalogu ndi malire chabe, pomwe ya pa satifiketi ndi imene anayezadi. Safunsa anadya phula.

Ndipo ngakhale satifiketi ikhale yoyera chotani, ikani zitsime zoyerekezera m'mbale yanu (zitsime ndi timaenje ta m'mbale yokulitsiramo maselo). Chimodzi chikhale ndi cytokine amene mwamuwiritsa: puloteni imafa ndi moto, LPS amapirira kwambiri, ndiye mphamvu ikatsala mwadziwa mwini wake. China chikhale ndi polymyxin B, amene amamanga LPS. Chabwino koposa ndi antibody, puloteni yogwira ndi kutsekereza cytokine yemweyo. Ikazimitsa zonse, mtima ukhale m'malo. Zitsime zitatu izi zimadya malo ochepa kuposa mafunso a oyesa mayeso pa tsiku loteteza digiri.

Wa maselo a nyama: HEK293 ndi CHO

HEK293 ndi maselo a munthu amene anakhazikitsidwa ku Leiden mu 1973. CHO ndi a kanyama ka hamster, a mu 1957, ndipo ndi amene amapangira mankhwala ambiri a ma antibody lero. Maselo amenewa amapinda puloteni monga thupi limachitira, amamata timashuga, amalumikiza zigawo ziwiri zosiyana ngati puloteniyo ili yotero. Alibe LPS wawowawo, ngakhale kuti madzi ndi ziwiya zosasamalidwa zimatha kumubweretsa, choncho mzere wa endotoxin uja muuwerengebe. Amakula pang'onopang'ono, chakudya chawo n'chodula, puloteni imatuluka yochepa. Mtengo umatsata pomwepo.

Pali ma cytokine amene simuchitira mwina. IL-12 ndi zigawo ziwiri zosiyana, p35 ndi p40, zomangidwa pamodzi kukhala 70 kDa. Bakiteriya zimamukanika, n'chifukwa chake mumamupeza wa CHO, wa HEK293 kapena wa maselo a tizilombo. IL-23 ndi IL-27 ndi a banja lomwelo. TGF-beta 1, amene amafunika pamodzi ndi IL-6 popanga maselo a chitetezo otchedwa Th17 a mbewa, kawirikawiri amachokera ku maselo a nyama. Chimodzimodzi chilichonse chomatidwa ndi Fc, chigawo cha antibody, monga ma receptor osungunuka.

Palinso ntchito zimene shuga amalowererapo ngakhale pa ma cytokine osavuta. Mukamabaya nyama, shuga amasintha nthawi imene puloteni ikhale m'magazi isanachotsedwe. Mukamapanga ma antibody kapena kuyesa ngati ELISA yanu, njira yoyezera kuchuluka kwa puloteni, ikugwira cytokine weniweni wa m'magazi a wodwala, maonekedwe a puloteni ngati ya m'thupi ndi ofunika. Mukamasunga maselo masabata awiri osasintha chakudya pafupipafupi, ena okhala ndi shuga amakhalitsa osaonongeka.

Koma musaganize kuti wodula ndiye wamphamvu. Cytokine wotchedwa GM-CSF wopanda shuga amadzutsa maselo m'mbale kuposa wokhala ndi shuga wambiri. Ndipo wa shuga samakhala wofanana yense: pa jelo yosiyanitsira mapuloteni amaoneka ngati mizere ingapo kapena chimkwasa chotambalala, chifukwa mamolekyu ena amatidwa shuga wambiri ena wochepa, ndipo kusakanikirana kumeneku kumatha kusiyana loti ndi loti. Ine ndimagula wa maselo a nyama puloteni ikandikakamiza kapena funso langa likakhudza shugayo. Kupanda apo ndalamayo ndimagulira ma antibody.

Wa tizilombo ndi wa yisiti

Apa sindichedwa. Maselo a Sf9 ndi Sf21 anachokera ku Spodoptera frugiperda, mbozi zomwe zija zinatidyera chimanga mu 2017. Zimene zinaliza alimi ku Chikwawa ndi ku Balaka n'zomwe zimatipangira IL-12 m'mabotolo. Maselowa amapinda puloteni bwino ndi kumata shuga, koma shuga wake ndi wamfupi, wosafanana ndi wathu. Yisiti nayenso amamata shuga wa mtundu wa mannose wambiri. Pa maselo ambiri izi sizivuta, koma ma macrophage ndi ma dendritic cell ali ndi ma receptor ogwira mannose, ndiye kwa iwo ine ndimapewa ngati pali wina. Simudzakhala mukusankha njira ziwirizi kawirikawiri. Zimangobwera zokha pamene cytokine amene mukumufunayo akupezeka motero basi.

Wa munthu kapena wa mbewa

Kwathu mbewa ndi ndiwo, kuno zili ndi nyumba yake, dokotala wake ndi komiti yoona za ufulu wake. Amene mukugwira nazo ntchito samalani pa dzina la cytokine, chifukwa nthawi zina chilembo chimodzi chokha pa dzinalo ndi chimene chimasiyanitsa wa munthu ndi wa mbewa. IFN-gamma wa munthu sagwira pa maselo a mbewa, wa mbewa sagwira pa a munthu. IL-4 ndi GM-CSF chimodzimodzi. IL-6 wa munthu amagwira pa mbewa, koma wa mbewa sagwira pa munthu. TNF wa munthu ndiye wonyenga: pa mbewa amagwira receptor imodzi, TNFR1, n'kusiya TNFR2, ndiye mumaona zotsatira n'kukhulupirira kuti zonse zili bwino chonsecho mwaona theka. Kubwereka kachubu mu firiza ya mnzanu wa labu yoyandikana n'chinthu chachibale, koma werengani chimene chalembedwapo.

Wokhala ndi BSA kapena wopanda

Makampani ambiri amagulitsa cytokine yemweyo m'mitundu iwiri: wosakaniza ndi BSA, imene ndi albumin ya ng'ombe, ndi wa carrier-free. Chifukwa chake n'choti 10 µg ya puloteni ndi kanthu kosaoneka ndi maso, ndipo ikasungunuka kwambiri imamatirira kukhoma la chubu ndi ku nsonga ya pipeti. BSA amathiridwa wochuluka kuti iyeyo ndiye amatirire, cytokine atsale m'madzi. Pothira maselo m'mbale kapena popanga muyezo wa ELISA, wa BSA ndi wosavuta ndipo amapirira nkhanza za wophunzira watsopano.

Carrier-free ndi wa amene akubaya nyama, amene akufuna kumata utoto kapena biotin pa puloteni, amene akukutira mbale, kapena amene maselo ake sayenera kukhudzana ndi chochokera ku nyama. Mukagula ameneyu n'cholinga chothira maselo, muyenera kuthira nokha BSA wa 0.1% pomusungunula kachiwiri, ndipo BSA wa pa shelefu amene anzanu amagwiritsa ntchito pa Western blot ndi nkhokwe ya endotoxin. Mungagule cytokine woyera wa 0.01 EU n'kumudetsa nokha pa mphindi imodzi.

Kudzipangira

Chaka chilichonse pamapezeka wophunzira wochenjera amene amawerengera n'kunena kuti plasmid yonyamula jini ya ku Addgene, E. coli wa mtundu wa BL21, IPTG yomuyambitsa kupanga puloteni ndi kolamu ya nickel yosefera n'zotchipa kuposa kabotolo. Pa pepala akunena zoona. Fulasiki imodzi imatha kukupatsani mamiligalamu, pomwe kampani imakugulitsani mamaikulogalamu.

Ine ndinali wophunzira wotere. Mu labu ina imene ndinayambira, ndinadzipangira TNF, jelo inatuluka ndi mzere umodzi woyera, ndinaijambula n'kutumiza kwathu ngati chithunzi cha ukwati. Ndinathira pa ma monocyte, zinthu zinakwera modabwitsa, miyezi itatu ndikusangalala. Tsiku lina mayi wina wa ku Limpopo amene anali tekinishani wamkulu anandifunsa mofatsa ngati ndinayesapo kuwiritsa. Ndinawiritsa. Mphamvu inatsala pafupifupi yonse. LPS saoneka pa jelo ya Coomassie, ndipo amakonda kuyenda limodzi ndi puloteni kudutsa kolamu.

Walira mvula walira matope. Wofuna kudzipangira avomere zotsatira zake: kuchotsa endotoxin ndi Triton X-114 kapena kolamu yake, kugula kiti ya LAL kapena ya recombinant factor C yoyezera, ndi kukhala ndi maselo oyesera mphamvu, monga L929 pamodzi ndi actinomycin D pa TNF. Labu nayonso iyenera kukhala yolembetsedwa pansi pa lamulo la dziko lino la South Africa la GMO Act la 1997, ndipo komiti ya biosafety ya sukulu ivomereze. Njirayi imalipira ngati mukufuna mamiligalamu ambiri, ngati mukusintha amino acid kuti muone chimene chichitike, kapena ngati digiri yanu ndi ya kupanga puloteniyo. Ngati digiri yanu ndi ya TB ndipo muli ndi miyezi 24, gulani.

Pali kanjira kena kachidule kamene ogwira ntchito ndi mbewa amakakonda: madzi amene munakulira maselo a L929, amene ali ndi M-CSF wambiri, cytokine wokulitsa ma macrophage, kuwathira pa mafuta a m'mafupa a mbewa kuti mupeze ma macrophage. N'zotchipa ndipo zakhala zikuchitika kwa zaka zambiri. Koma m'madzimo muli zinthu zina zimene simunaziitane, ndipo mphamvu yake imasiyana nthawi iliyonse mukakolola. Pokulitsa maselo n'zovomerezeka bola mutchule mu lipoti. Pofunsa kuti cytokine wakutiwakuti amachita chiyani, sizingatheke. Chimodzimodzi LPS weniweni kapena mankhwala a PMA ndi ionomycin: zimadzutsa maselo pa mtengo wochepa ndipo ndi zabwino posonyeza kuti maselo anu ali moyo, koma zikuyankha funso lina.

Za GMP ndingonena mwachidule. Mtengo wake mukulipira mapepala, ukhondo wa fakitale ndi kulondoloza chilichonse chimene chinalowamo, kuti maselo okulira mmenemo akathe kubwezeredwa mwa wodwala. Molekyu yake ndi yomweyo. Maselo amene akathera mu bini ya zinyalala za labu safuna GMP.

Ma ng, ma unit, ndi loti

Mapepala akale amalemba mlingo mu ma unit pa mililita, atsopano mu ng/mL, ndipo kusintha kuchoka kwina kupita kwina kumadalira kabotolo kanu. Kampani imayesa mphamvu pa maselo ena ake n'kulemba ED50, mlingo umene umapereka theka la mphamvu yonse. Mukagawa 1,000,000 ndi ED50 ya mu ng/mL mumapeza ma unit pa miligalamu. Koma unit ya kampani ina si unit ya inzake, chifukwa maselo ndi njira zoyesera n'zosiyana. Yofanana kulikonse ndi IU, imene imayerekezedwa ndi muyezo wa WHO wosungidwa ku NIBSC ku England. Pa IL-2 makamaka, amene anthu amamulemba mu IU, funsani kampani nambala yosinthira ya loti yanuyo.

Apa ndi pamene ndimaona kuti dzina la kampani anthu amalikuza mopitirira. R&D Systems, PeproTech imene inagulidwa ndi Thermo Fisher mu 2021, BioLegend, Miltenyi Biotec, Sino Biological: onsewa amagulitsa ma cytokine amene amapezeka m'mapepala ofalitsidwa. Chimene chimaononga kafukufuku ndi kusintha pakati pa ulendo. Odwala 20 oyamba mwathira wa loti ina, 20 otsatira wa kampani ina, kenako mukuona kusiyana n'kumati ndi matenda. Werengerani zofunika pa pulojekiti yonse, mugule kamodzi, loti imodzi. Ndipo sabata yoyamba yesani milingo isanu kapena isanu ndi umodzi pa maselo anu enieni, mmalo mongokopera 20 ng/mL ya m'pepala la munthu wa ku Boston.

Kuwerengerako kumatonthoza. Kabotolo ka 10 µg pa mlingo wa 10 ng/mL kamakwana lita yathunthu ya chakudya cha maselo. Mu mbale ya zitsime 96, chitsime chilichonse 200 µL, ndi zitsime 5,000. Ophunzira ambiri amagula wamkulu poopa kuperewera, n'kumaliza sukulu theka likadali mu firiza.

Zimene Johannesburg imawonjezerapo

Zonsezi zimachokera kunja, zimatera pa bwalo la ndege la OR Tambo, zimadutsa kwa wogulitsa wa m'dziko muno. Mtengo umavina ndi randi, pamwamba pake VAT ya 15%, ndipo koteshoni imakhala ndi tsiku lothera pomwe ofesi yogula zinthu imayenda mwa kamba. Odani masabata angapo musanafune, ndipo Novembala asanathe, chifukwa Disembala dziko lino limatseka. Katundu wokhala ndi zochokera ku ng'ombe amathanso kufunsidwa chilolezo cha a zaulimi polowa, ndiye funsani wogulitsayo msanga ngati wa BSA achedwe kuposa wopanda.

Pa ulendo wotere, waufa wouma amaposa wamadzi. Wouma amapirira masiku angapo pa kutentha wamba, pomwe wamadzi amadalira madzi oundana amene sadziwa kuti bokosi lagona pa kasitomu. Kwa anzathu a ku Blantyre, kumene katundu amakweranso ndege yachiwiri, mfundoyi ndi yokulirapo.

Kabotolo kakafika kapotozeni kaye mu centrifuge musanatsegule, chifukwa kaufako kamakhala kali ku chivindikiro ndipo kamauluka. Sungunulani ndi chimene pepala lanena, osati chimene chili pafupi; TGF-beta amafuna asidi wochepa, ena madzi, ena madzi a mchere a PBS. Musagwedeze pa vortex. Gawani m'timachubu ting'onoting'ono togwiritsa ntchito kamodzi, mulembe tsiku ndi loti, muike mu firiza ya -80°C. Kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumapha puloteni mwakachetechete, madzi akuoneka chimodzimodzi. Firiza ya kunyumba ya frost-free imadzitenthetsa yokha nthawi ndi nthawi, ndiye si malo ake. Ndipo amene tinaona kuzimazima kwa magetsi kwa 2023 tinaphunzira kufunsa kuti ndi firiza iti imene yalumikizidwa ku jenereta, n'kugawa timachubu m'mafiriza awiri a m'zipinda zosiyana.

Lachitatu mtsikana uja anabwera ku ofesi kwanga ndi kope, tinawerengera limodzi. Zinapezeka kuti IFN-gamma amene ankamudera nkhawa ndi kachigawo kochepa ka ndalama zake. Chodya ndalama ndi M-CSF, amene ayenera kukhala m'chakudya cha maselo pa 50 ng/mL kwa masiku 6 kapena 7 kuti ma monocyte asanduke ma macrophage, pa wodwala aliyense. Ameneyunso ayenera kukhala wa endotoxin wotsika kwambiri, chifukwa macrophage amene wakula akununkhiza LPS sabata yathunthu amafika pa tsiku loyesa atazolowera, osamvanso.

Anasiya wa GMP, anasiya wa HEK293. Analemba IFN-gamma wa E. coli, kabotolo kakang'ono, wa 0.1 EU pa µg kapena kutsika, M-CSF wamkulu wa loti imodzi, polymyxin B, ndi antibody yotsekereza IFN-gamma. Potuluka anatembenuka pakhomo.

"Nanga asupavaiza akandifunsa chifukwa chimene ndasankhira wotchipa?"

"Mukawaonetse satifiketi ya loti, achemwali. Komanso mukawafunse kuti firiza ya jenereta ndi iti."